Ntchentche Yosamuka Ngodya

Ndafufuza milandu mpaka imvi zayamba, koma ndinali ndisanamangepo munthu chifukwa cha madontho. Akuba mafoni, othyola masitolo, obayana pa mowa, onsewo ndimawadziwa ndi fungo lomwe. Tsiku limene abwana anandiponyera fayilo ija patebulo anati, "Asajeni, uwu ndi wophweka. Wolakwa akudziwika kale, inu mungokamanga bwinobwino." Mlandu wobwera wolakwa akudziwika kale ndimadana nawo, chifukwa kawirikawiri amakhala atasankhidwa ndi munthu wokhala pa mpando wofewa.

Nkhani yake inali iyi. Ku fakitale ina ya mapaipi kuli makina ojambula m'kati mwa chitsulo ndi cheza champhamvu ngati cha ekisireyi ya kuchipatala, oonera ngati powotcherera pagwirana. Chotchinga cha makinawo chinang'ambika, eni fakitale anangoti zii, ndipo owotcherera zitsulo anapitiriza kugwira ntchito pafupi nawo mpaka ena anayamba kuthothoka tsitsi ndi kutuluka magazi m'kamwa. Atakasuma, khoti linalamula kuti magazi awo akayezedwe ku labotale ya pa yunivesite. Labotale inayankha kuti maselo awo ndi abwinobwino, mlandu n'kugwa. Mwayi wake loya wa antchitowo anali atatumiza magazi omwewo kwinanso, ndipo kumeneko anapeza maselo ovulala koopsa. Apa zinaonekeratu kuti wina pa yunivesite anasintha zithunzi za maselo. Zala zonse zinaloza mayi mmodzi wowerenga zithunzizo, amene anzake amamutcha Namadontho.

Chimene chinandiumitsa pakamwa ndi ichi: mmodzi mwa owotcherera odwalawo anali bambo ake omubereka.

*

Pulofesa, mkulu wa labotale, anandidikiritsa pakhonde mpaka bondo langa linayamba kudandaula. Nditalowa sanandipatse n'komwe mpando, anangoyamba ndi pasipoti.

"Ine panthawiyo ndinali kunja, Asajeni, ku msonkhano wa akatswiri. Zidindo ndi izi. Zandikhudza kwambiri, kwambiri zedi. Mtsikana ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha."

Munthu akayamba kusamba m'manja usanamufunse, dziwa kuti madzi akudawo athira mnzake.

"Mukudziwa bwanji kuti ndi iyeyo?"

"Kompyuta sinama. Zithunzi zenizeni zinafufutidwa, m'malo mwake munalowa zina, ndipo wochita zimenezo analowa ndi pasiwedi yake."

"Osangojambulanso bwanji?"

Anaseka ngati ndafunsa zachibwana. "Utoto wa pa maselo umazilala, mayi. Pa tigalasi tija panopa palibenso choona."

Ndinamufunsa ngati wowerenga amadziwa mwini magazi. Apa ndiye anakhala tsonga, poti inali nthawi yoonetsa sukulu.

"Ayi, ayi, ayi. Pano timagwira ntchito mwadongosolo. Tigalasi ta odwala timatiika pamodzi ndi ta anthu athanzi, ofanizira. Wokonza tigalasi amachotsa mayina n'kulemba manambala. Wowerenga amawerenga osadziwa kuti uyu ndani, kuti mtima wake usakondere. Ndiye sayansi imeneyo."

"Nanga zosinthidwa ndi za ndani?"

"Za antchito a ku fakitale."

"Onse? Ndi alonda a pageti omwe, amene labotale inayo inawapeza opanda vuto?"

"Onse."

Ndinayamba kuwerengera chamumtima. Munthu wosankha ndi maso akanasiya zithunzi za alonda, chifukwa zinali zoyera kale. Uyu sanayendere maso, anayendera mayina.

"Wolemba manambala ndi ndani?"

"Aaa, ameneyo musamuvutitse. Munthu wofatsa, ndipo ali pa mavuto kale." Anayang'ana wotchi kuti ndidziwe kuti ndatha. "Ndi mwamuna wake."

*

Namadontho ndinamuitanitsa kuti adzandionetse ntchito yake. Anabwera mayi wochepa thupi, maso ofiira, nsapato zafumbi. Anzake a mu labotale atamuona analowetsa mitu m'makompyuta, palibe anamupatsa moni. Ophunzira nawonso amathawa mnzawo wa tsoka ngati ali ndi mphere.

Chipinda chojambulira chinali cha mdima bii, chozizira, chopanda windo. Pakati pake panali maikulosikopu yaikulu yokhala ndi kamera pamutu.

"Ndifotokozereni ngati mukuuza azakhali anu osaphunzira," ndinatero.

Anayatsa kompyuta. Panaoneka tizinthu tozungulira ta buluu, tambirimbiri.

"Aka ndi kaphata ka selo la m'magazi. M'menemu muli DNA, ulusi wautali wosunga malangizo onse a thupi. Cheza chikadula ulusiwo, selo silingokhala. Limatumiza timisiri take kukasonkhana podukapo kuti tilumikize. Ife timathira utoto wogwira timisiri timeneto, ndiye pamdima timawala." Anatsegula chithunzi china, buluu uja atadzaza timadontho tobiriwira. "Dontho lililonse ndi bala. Pulogalamu imene ndinalemba imapeza selo lililonse n'kuwerenga mabala ake. Akakhala ochepa, munthu ali bwino. Akachuluka chonchi..."

Sanamalize. Pokamba za maselo mawu ake anali amoyo, koma nditangofika pa mlandu anazima.

"Munasintha zithunzi?"

"Ayi."

"Pasiwedi yanu amaidziwa ndani?"

"Ndi yanga."

"Si zimene ndafunsa, mayi."

Anabwezera maso pa kompyuta. Ndinafunsa china.

"Amuna anu anakuuzanipo kuti nambala iyi ndi ya uje?"

"Za manambala sitikamba kunyumba. Ndi lamulo."

"Mukudziwa kuti mukupita kundende?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye dzithandizeni."

"Lembani zimene alemba anzanuwo, Asajeni. Ine ndatopa."

Ndinapsa mtima. Palibe chondinyansa ngati munthu wopinda manja chingwe chili m'khosi. Ndinamuuza kuti atsegule zithunzi zabodza zija. Choyamba chinatuluka, maselo oyera, opanda bala. Koma maso ake sanapite pa maselo. Anathamangira pangodya ya kumanja n'kubwerako msanga. Ndinayang'ana pangodyapo ndipo ndinaona kachitsotso kakang'ono kotuwa.

"Ndi chiyani icho?"

"Fumbi," anatero, n'kuzimitsa kompyuta.

*

Masana ake ndinapita kuchipatala. Bambo ake anali pa bedi la pafupi ndi windo, mdala wa mapewa aakulu amene matenda anamudya mpaka malaya ankangolendewera. Pambali pake panali mwamuna wovala bwino, atapinda manja a shati, akuwapukuta mapazi ndi thaulo lonyowa.

"Ndinu apolisi?" anafunsa mdala. "Mwamumanga?"

"Ndani, bambo?"

"Uja ndinamuphunzitsa ndi maso angawa." Analoza maso ake opsa ndi moto wowotcherera. "Ndawotcherera mageti, mawilibala, mabedi, mapaipi, kuti iye akaphunzire kuona zosaoneka. Lero waona magazi a bambo ake n'kunena kuti mulibe kanthu. Anamwino ndinawauza, akabwera asalowe muno. Mwana wanga ndi uyu." Anagwira dzanja la mkamwini wake. "Uyu amandisambitsa, amandimeta, amanditembenuza. Ndinabereka wamkazi, Mulungu anandibwezera wamwamuna."

"Musadzitopetse, bambo," anatero mkamwini mofatsa, akuwakonzera pilo. "Mtima ukhale m'malo."

Ndinatuluka naye pakhonde. Mawu ake anali osalala ngati mafuta.

"Mayi a kunyumba ndimawakonda, Asajeni, ndipo sindiwasiya. Mwina anapanikizika, sindikudziwa. Ine ntchito yanga imathera pa benchi: kupaka magazi pa tigalasi, kuthira utoto, kulemba manambala. Ndikapereka pakhomo, basi. M'chipinda cha mdima chija sindilowamo, funsani aliyense. Kuwala kwa maikulosikopu ya m'menemo kumandidwalitsa mutu waching'alang'ala. Chiyambire ntchito sindinakhalepo pa maikulosikopu ija."

"Koma zithunzi munthu angazitsegule pa kompyuta iliyonse ya mu labotale?"

"Ngati ali ndi pasiwedi." Anamwetulira. "Ine ya mayi sindiidziwa. Ndipo ndanena, m'chipindamo sindilowa."

Anabwereza ngati munthu wokhoma chitseko n'kubwerera kukagwedeza loko. Ndinazisunga, ngakhale sindinkadziwa kuti ndidzazigwiritsa ntchito yanji.

Potuluka ndinaona Namadontho atakhala pansi pa mtengo, kuseri kwa geti, kabasiketi kali pamiyendo. Mlonda anandinong'oneza kuti amabwera tsiku lililonse. Chakudya amapatsira mwamuna wake, ndipo mdala amadya poganiza kuti mkamwini wagula.

*

Mmisiri wokonza mamaikulosikopu ndinamupeza m'kashopu kake m'tauni, pakati pa makamera akufa ndi mawaya. Anali munthu wolongolola, wa mtundu uja woti ukamufunsa njira amakuuzanso mbiri ya msewu. Ndinamuonetsa chithunzi chabodza chimene ndinasindikiza, chala changa chili pa kachitsotso kaja.

"Aaa! Ntchentche yanga! Mwaifukula kuti imeneyi, mayi wanga? Ndinaipha ndekha ine!"

"Ntchentche?"

"Kafumbi kanalowa m'kati mwa kamera, kanakakamira pa diso lake penipeni. Chithunzi chilichonse kankatuluka, malo amodzimodzi, pamwamba kumanzere. Onse olowa m'chipinda chija ankakatcha Ntchentche. Mayi uja wa madontho ndiye sankandigonetsa: bwerani mudzachotse, pulogalamu yanga ikukawerenga ngati bala! Mpaka anachita kuiphunzitsa pulogalamuyo kuti ngodya imeneyo izidumpha. Ine ndinapita, ndinatsegula, ndinapukuta. Maliro tinaika, anthu anabalalika."

"Liti?"

"Mvula isanayambe. Ndikukumbukira chifukwa ndinapita pa njinga yamoto, fumbi lili kobo."

Magazi a antchito anafika mvula ili pakati. Ndiye kuti chithunzi chilichonse chokhala ndi ntchentche chinajambulidwa magaziwo akadali m'mitsempha ya eni ake. Zinali zithunzi zakale, za anthu athanzi.

Mmisiri anayandikitsa pepala kumaso. "Koma tadikirani. Apa ili kumanja." Ndinamupatsa china. "Apa ili pansi! Mayi wanga, fumbi la m'kamera silisamuka. Ntchentche yakufa iuluka bwanji? Wina watembenuza zithunzizi, ichi chagada, icho chapendeka, kuti zioneke zatsopano. Selo lilibe mutu kapena miyendo, ukalitembenuza palibe angadziwe. Koma ntchentche yatembenuka nalo limodzi."

"Munthu woidziwa ntchentcheyo akanatani?"

"Akanaifufuta, kapena kudula ngodyayo. Ntchito yosafuna n'thukuta lomwe. Uyu ndi mlendo m'chipinda chija, mayi. Sakuidziwa n'komwe."

Ndinatuluka n'kukhala pa benchi ya panja. Wosintha zithunzi ankadziwa mayina, koma ntchentche sankaidziwa. Namadontho ankadziwa ntchentche, koma mayina ayi. Mu labotale monse munali munthu mmodzi yekha wodziwa mayina, ndipo anali atandilumbirira yekha, kawiri konse, kuti m'chipinda chija salowamo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofuna kudziwa chimene mkamwiniyo anapindula, ndinaimba foni ku fakitale ngati munthu wofuna ntchito. Kalaliki anandiuza mwansangala kuti malo a mkulu woona za chitetezo cha antchito anapeza kale mwini wake, bambo wina wa ku yunivesite, ndipo ayamba zamilanduzi zikazizira. Mkulu wa chitetezo cha antchito! Ndinaseka ndekha mumsewu mpaka anthu anandicheukira, koma kuseka kwake kunali kowawa.

*

M'mawa mwake ndinamupeza Namadontho pansi pa mtengo womwe uja. Ndinakhala pambali pake n'kuika zithunzi pa kabasiketi kake, ntchentche nditaizunguliza ndi cholembera.

"Munaiona tsiku loyamba, eti?"

Sanakane. "Pasiwedi ndi dzina la mwana wathu woyamba," anatero motsitsa mawu. "Amuna anga akanalephera bwanji kuidziwa?"

"Munamufunsa?"

"Anagwada, analira. Anati bambo akudwala kale, madontho sawachiritsa, koma ntchito ya ku fakitale ilera ana. Anati ine khoti lindimvera chisoni poti ndine mayi."

"Inu n'kuvomera?"

"Sindinavomere. Ndinangokhala chete." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Asajeni, bambo atsala pang'ono. Wowanyamula kupita nawo kubafa ndi iyeyo. Mwana wamwamuna alibe, mayi anamwalira. Ndikamuchotsa pamenepo, awasambitsa ndani? Ndinati bola apite akudana nane, koma ali ndi wowagwira dzanja."

"Nanga anzawo a bambo anu, amene mlandu wawo unagwa?"

Ndinamumvera chisoni, ndinamukwiyiranso, zonse nthawi imodzi. Mayi wanzeru zoona bala m'kati mwa selo, koma anasenza mtolo wa mwamuna wake ngati ndi gawo la ukwati.

"Ndikupemphani chimodzi," anatero. "Bambo akamva kuti si ine, mwina andilola kulowa. Musawauze kuti ndinkadziwa."

Ndinalonjeza. Pakamwa panga ndikanatha kupatseka, koma ndinaiwala kuti pali pakamwa pena.

*

Ndinalowa m'wodi ndi wapolisi mnzanga. Namadontho anaima pakhomo, pamene anamwino ankamubwezera masiku onse. Mkamwini anali akuwameta ndevu apongozi ake. Tsaya limodzi linali losalala, linalo lodzaza thovu.

"Ikani lezala pansi, bambo," ndinatero.

Anandiyang'ana, anayang'ana mnzanga, n'kuliika pa kabati pang'onopang'ono.

Ndinayala zithunzi pa bulangeti la mdala n'kufotokoza za manambala, za chipinda cha mdima, za ntchentche ndi za mpando umene ukudikira ku fakitale. Ndinkaopa kuti sazimva, koma anatenga chithunzi chimodzi, anachitembenuza, anachiyang'ana, n'kuchitembenuzanso.

"Chitsulo ukachitembenuza, chipsera chimatembenuka nacho," anatero. "Ndamva."

Kenako anayang'ana manja a mkamwini wake, onyowa ndi sopo.

"Manja omwewa?"

"Bambo, ndiloleni ndikufotokozereni..."

"Usanditchule bambo." Mawu ake anali otsika, koma odwala a pa mabedi ena anasiya kutsokomola. Anatembenuzira mutu kukhomo. "Mwana wanga ali kuti?"

Namadontho analowa n'kugwada pambali pa bedi. Misozi inali chuchuchu. Mdala anatulutsa dzanja m'bulangeti, dzanja la zipsera zokhazokha, n'kulikweza kuti aliike pamutu pake. Ine amene sindikhulupirira zambiri ndinaganiza kuti kamodzikamodzi ntchito yanga yabala chabwino.

Unyolo unalira m'manja mwa mkamwini. Atafika pakhomo anatembenuka, kufatsa kuja kutatheratu.

"Musamuyeretse ameneyo! Mufunseni anadziwa liti. Anadziwa kalekale. Tikugona nyumba imodzi, ndipo chakudya chonse mwakhala mukudyachi amaphika ndi iyeyo."

Dzanja la mdala linaima m'malere.

"Zoona?"

Akanatha kunama. Ndinapemphera chamumtima kuti aname, ndipo ndikanamuikira umboni osaphethira. Koma anali munthu wozolowera kuwerenga madontho momwe alili.

"Zoona, bambo. Ndimaopa kuti mukhala opanda wokusamalani."

"Wondisamala." Mdala anapuma movutika. "Anzanga ndawotcherera nawo moyo wonse aikidwa m'manda akutchedwa abodza, iwe ukudziwa. Ine ndikupsompsona manja a munthu uyu, iwe uli pansi pa mtengo ukudziwa." Anatseka maso n'kuwatsegulanso. "Dzulo ndimati unandigulitsa. Bola zimenezo, wogulitsa amakhala ndi njala yake. Iwe unangoonerera."

Dzanja lija linabwerera m'bulangeti.

Namadontho anatola lezala pa kabati. "Ndikumalizeni kumeta, bambo."

"Siya. Zikhale choncho."

Anatembenukira kukhoma.

Ndinatuluka ndi wolakwa wanga, mlandu utatheka bwino lomwe, umboni wosagwedezeka, woti abwana akandigwire chanza. Nditacheuka pakhomo, Namadontho anali chigwadire ndi lezala m'manja, thovu likuuma pa tsaya la bambo ake.